Magiya a Njinga ya aNambewe

Limbikani, chotsa chala chako pa kachitsulo ako. Ndakuona kuyambira muja, ukuti ndikayang'ana kumbali iwe n'kukankha kuti umve kulira kwake. Giya sasintha njinga itaima, umapha waya. Bwera ukhale pamphasa apa pafupi ndi Esnati, utape nsawa zako uziswa. Ndipo zoswazo zizipita m'lichero, osati m'kamwa.

Inu ana mumayesa njinga iyi ndi yatsopano chifukwa ikuwala. Iyi ndi yakale kuposa mayi anu Tisa. Ndinaidzutsa ine ndi manja awa, ndipo pa ntchito zonse zimene ndagwira chibadwire, imeneyi ndiyo ndimayenda nayo chifuwa chili patsogolo. Koma kuti mumvetse kunyada kwangaku, muyambe mwadziwa kuti amene anaipha poyamba ndi ine ndemwe.

Ine kwathu ndi ku Sinda, ndinakuuzani kale. Ntchito ya njinga ndinakaphunzirira ku Katete ndili mnyamata, pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, pamodzi ndi mnzanga wina dzina lake Mwanza. Masiku amenewo njinga inali imodzi basi, yakuda, yolemera, ya mabuleki a ndodo zachitsulo. Imeneyo ndinkaimasula n'kuimanganso ngakhale nditatsinzina. Chubu chikasowa tinkapakira udzu m'tayala, ulendo n'kumapitirira. Inkanyamula thonje, inkanyamula nkhumba itamangidwa miyendo, inkanyamula mkazi, mwana kumbuyo ndi nkhuku m'manja. Mnyamata wokhala ndi njinga yakuda, wailesi ndi bulangeti akafika pakhomo kudzafunsira mbeta, amalume a mtsikana ankamuyalira mphasa yatsopano. Inu a lero mumafuna njinga yamoto ngakhale popita kuchigayo chimene chikuoneka apo. Miyendo munapatsidwa yoti muzijambulitsa pafoni?

Kuno ku Vubwi ndinabwera ndi njinga yomweyo, kudzasinthitsa mchere ndi sopo ndi nyemba za kumalire. Nyemba ndinapeza, komanso ndinapeza agogo anu aakazi, aNambewe, atasenza mtolo wa nkhuni woti ine sindikanaudzutsa. Ndinamanga nyumba pa chikamwini, n'kutsegula kamalo kanga kokonzera njinga pamphambano. Mkamwini amafunika kukhala ndi chake chomulemekezera pamudzi pa eni, apo ayi amangokhala wotumidwa. Changa ine chinali sipanala. Munthu akati njinga yavuta, onse ankayankha kuti pitani kwa aSakala, ndipo mawu amenewo ankandikoma kuposa uchi.

Chimene chinandidabwitsa kuno ndi mitunda. Kwathu umapalasa mpaka kufika. Kuno njinga ndi theka kukwera, theka kukankha. Mtunda uja wa pa Msekese, umene mumadutsa popita kwa azakhali anu, panalibe munthu ankaukwera ali pachishalo. Aliyense ankatsika m'munsi, n'kukankha mpaka pa mwala uja wapakati, kupumula, n'kukankhanso. Pamwalapo mpamene nkhani zonse za m'dera lino zinkaphikidwa.

Ndiye kunabwera zaka zija za matenda. Inu simunazione, ndipo musazione. Mankhwala amene anthu akumwa lero n'kumalima bwinobwino anali asanafike. Makasu okumbira manda sankauma dothi. Odwala ena abale awo enieni ankawathawa, kuopa ngakhale kugwira kapu yawo. Mpingo unasankha amayi angapo kuti aziyendera odwala m'midzi, kuwasambitsa, kuwaphikira phala, kuwatembenuza kuti asachite zilonda. Agogo anu anali mmodzi wa iwo. Amayiwo anapatsidwa njinga zakale zochokera kunja, zobwera ngati salaula, ndipo imene inagwera agogo anu ndi iyi.

Sindinaonepo chinthu chotere. Yobiriwira ngati tsamba la nthochi, yopepuka yoti n'kuinyamula ndi dzanja limodzi, matayala onenepa a mano ngati a thirakitala. Kumbuyo kunali timawilo ta mano tosanjikizana, tating'ono mpaka tatikulu, ndipo pansi pake pankalendewera kachitsulo ka timawilo tiwiri. Kachitsulo kameneko ndi kamene kamasamutsa tcheni munthu akakankha giya pa handulo. Sisitere wina anawaonetsa agogo anu masana amodzi okha, iwo n'kugwira.

Tsiku limene anakwera Msekese koyamba ndinalipo. Ndinali pamwala paja ndi amuna anzanga, tikupuma, thukuta lili kamukamu. Tinangoona munthu akubwera, miyendo ikuzungulira msangamsanga ngati sakupita kulikonse, koma akukwera ndithu. Atafika pafupi, ndi aNambewe, mayi anu Tisa ali kumbuyo pa chitenje akugona tulo. Anatipatsa moni osatsika, n'kupitirira mpaka pamwamba. Mkulu wina ananditembenukira nati, "Kodi aSakala, kunyumba kwanu mwamuna ndi uti?" Onse anaseka, inenso ndinaseka nawo. Ndinachita nsanje, ana inu. Ndinachitira nsanje mkazi wanga, ndipo ndinadana ndi chitsulo chimene sindinkachidziwa.

Kuseri kwa mtundawo kunali mayi wina wamasiye dzina lake Tereza. Ana ake anali atatengedwa ndi achibale, iye n'kutsala yekha m'kanyumba ka kumapeto kwa mudzi. Agogo anu ankapitako m'mawa uliwonse dzuwa lisanakwere. Ankamusambitsa, kumumwetsa phala, kumuikira madzi pafupi ndi mphasa, n'kubwerera kudzagwira khasu ngati wina aliyense. Ankakondana awiriwo. Tereza ankati akamva kulira kwa tcheni kuseri kwa nyumba, amadziwa kuti kwacha.

Patapita miyezi tcheni inayamba kudumpha. Munthu akapalasa mwamphamvu imati khwe, n'kuchoka pamalo. Agogo anu anandisiyira njinga m'mawa wina akupita kudimba, nati ndiione. Ndinaizondotsa, ndinazunguza pedulo, ndinayang'ana kachitsulo kolendewera kaja mpaka dzuwa kufika pamutu. Sindinamvetse kalikonse. Panali njira ziwiri. Ndikanatha kunena kuti sindidziwa, tiyeni tikafunse kwa sisitere kapena ku Chipata. Koma ine, aSakala a pamphambano, kunena kuti sindidziwa njinga? Pamaso pa apongozi?

Ndinachita zimene amisiri tonse tinkachita ndi njinga zamtunduwu zikayamba kufika. Ndinadula waya, ndinamasula kachitsuloko n'kukaponya kudzala. Tcheni ndinaifupikitsa n'kuikoleka pa giya imodzi, ndipo ndinasankha yolemera, yothamangira pamsewu wosalala, chifukwa ndi imene ine ndinkaiona ngati giya yeniyeni. Ndinapitanso nayo kwa owotcherera, n'kuikapo kaliyala wamkulu wonyamulira matumba. Agogo anu atabwera ndinawauza monyada kuti ndayichotsa matenda onse, sidzavutanso. Anayang'ana pamene panali kachitsulo paja, anayang'ana ine. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma phula langa ine anadya ndi ena.

Kuyambira tsiku limenelo agogo anu anayamba kukankha pa Msekese ngati tonsefe, mwana kumbuyo, ufa wa phala pa kaliyala. Pobwerera nako kuli mtunda wake. Ulendo umene unkatha dzuwa lisanatenthe unayamba kudya theka la tsiku, pamene kumunda udzu sudikira munthu. Anayamba kupita podumphitsa tsiku. Mvula itagwa, matope n'kumamatira m'matayala, ankapita kawiri pa sabata.

Tsiku lina anafika n'kupeza chitseko chotseka. Tereza anali pansi, pakati pa mphasa ndi mtsuko wa madzi, kapu ili m'manja. Madzi amene anamuikira pafupi anali atatha, ndiye anakwawa kuti akatunge yekha, osafika. Anali atazizira kale.

Agogo anu anabwerako madzulo akukankha njinga ngakhale potsetsereka. Anaitsamiritsa pa nkhokwe, nati kwa ine, "Itengeni, muzinyamulira thonje lanu." Anangonena zomwezo. Akanandikalipira, akanaitana ankhoswe, bwenzi nkhani itatha chaka chomwecho. Iwo ayi. Anapitiriza kundiphikira, kundichapira, kuseka nane pa zina zonse, komanso kuyendera odwala wapansi. Koma njingayi sanaikhudzenso, ndipo dzina la Tereza silinatchulidwenso m'nyumba muno. Ine ndinkadziuza kuti mayiyo akanamwalirabe, matenda aja sankasiya munthu. N'zoona, akanamwalira. Koma sakanamwalira yekha ndi ludzu, ndipo zimenezo ndinkazidziwa bwino lomwe.

Ndinanyamuliradi thonje mpaka malimu a mawilo anapindika. Kenako ndinaipachika kudenga la khitchini, ikudya utsi zaka ndi zaka, mayi anu mpaka kukula, kukwatiwa, kubereka inu a mimba zosakhutanu. Esnati, ndakuona, lavula khoko ilo.

Chaka chapitacho titakolola, kunabwera anyamata a lole ogula zitsulo zakutha. Mayi anu anatsitsa njinga kudenga kuti ichoke, ikungosunga akangaude. Inali bii, matayala atagwa okha. Anyamatawo anaikoleka pa sikelo, ikulendewera ngati mbuzi yosenda. Ine ndinatembenuka kuyang'ana agogo anu. Ankapeta chimanga pakhonde, koma lichero linali litaima m'manja, maso ali pa njingayo. Ataona kuti ndawaona, anaika lichero pansi n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Pamenepo ndinadziwa kuti ikakwera lole ija, nkhani ya pakati pa ine ndi iwo ipita nayo osakambidwa, ndipo mmodzi wa ife adzaikidwa m'manda ili chomwecho. Ndinaikolola pa sikelo ndekha, anyamata aja akung'ung'udza.

Ndinayamba ndi zimene ndimadziwa. Ndinaimasula yonse, chitsulo chilichonse pachokha, n'kuviika m'palafini. Utsi uja, umene ndinkayesa waiwononga, ndi umene unaisunga ku dzimbiri. Nditapukuta mwaye ndi sanza, kubiriwira kuja kunatuluka pansi pake. Kaliyala ndinamudula ndi sowo, zipsera zake n'kuzipala ndi tupa masiku awiri. Gwira apa, Limbikani, ukumva kokhakhala? Pamenepo sipadzasalalanso, ndipo ndinapasiya dala. Dzanja linkandiyabwa kuti ndipake penti yakuda monga timachitira ndi njinga iliyonse, koma ndinadziletsa. Ndinali nditaipanga kale kamodzi kukhala ngati yanga, zinakwana.

Wilo lakumbuyo ndinaliluka mwatsopano, sipoko imodziimodzi. Pamenepo palibe wondiphunzitsa m'dera lonse lino. Sipoko umaimenya ndi chala n'kumvera kulira kwake, yolira pansi umaimanga, yolira pamwamba umaimasula, mpaka zonse ziyimbe mawu amodzi. Wilo langa ukalizunguza umayesa laima. Izi ndikunena poyera, mukauze ndi anzanu.

Tsono panatsala chija ndinataya kudzala. Ndinauza agogo anu kuti ndikukaona abale ku Sinda, n'kunyamula felemu ndi wilo m'thumba. Ndinakwera galimoto mpaka ku Chipata, kuchoka apo minibasi ya ku Katete, kondakitala akundinena kuti madala akwera ndi zitsulo zobaya anthu. Katete ndinachita kumufunsa, ana inu. Pamene tinkaimika njinga zakuda mizeremizere pali njinga zamoto zokhazokha, phokoso lake munthu osamva moni. Mango uja anadulidwa. Koma Mwanza ndinamupeza pomwepo, pansi pa kashedi ka malata, mutu uli mbuu ngati wanga.

Titalonjerana n'kuwerengerana anzathu amene anatisiya, ndinatulutsa felemu. Anangoyang'ana kumbuyo kwake n'kuyamba kuseka, akuti nayonso iyi inakumana ndi dokotala. Ine sindinaseke. Mawu amene anandikanika ndili ndi mphamvu zanga ndinawanena tsiku limenelo ndili nkhalamba ya mano owerengeka.

"Mwanza, magiya ine sindiwadziwa. Ndiphunzitse."

Analowa m'kashedi n'kutuluka ndi ndowa. Inali yodzaza ndi tizitsulo tolendewera tija, tina tadzimbiri, tina tatsopano ndithu.

"Tonse tinadula, mdala, Katete yonse," anatero. "Ine n'nayamba kutola pamene n'naziba kuti vuto inali waya chabe. Waya ikatamuka umamanga pang'ono, fayifi minitsi, yasila."

Ndinakhala pansi pa njerwa. Waya chabe. Ntchito yoti munthu n'kuimaliza madzi a tiyi asanawire.

Ndinagona kwa Mwanza masiku atatu, ndikuphunzira ngati mwana wa giredi wani. Pa kachitsuloko pali tizomangira tiwiri tating'ono. Kena kamaletsa tcheni kugwera m'masipoko, kena kamailetsa kugwera kunja. Sumazunguza kwambiri, umangokhudza pang'ono, n'kuzunguza pedulo, n'kumvera. Ndikalakwitsa Mwanza ankandimenya pa dzanja ndi sipanala monga ankatichitira mphunzitsi wathu kale, anyamata a njinga zamoto n'kumafa ndi chiseko. Ndinawaleka aseke. Tsiku lachitatu tcheni inayenda kuchokera pa kawilo kakang'ono mpaka kakakulu n'kubwerera, osadumpha ngakhale kamodzi.

Chokankhira giya cha pa handulo ndicho chinasowa. Ndinakachipeza ku Sinda, ndipo potero bodza langa la kukaona abale linasanduka zoona. Mphwa wanga wina amanyamula anthu panjinga kumeneko, ndipo anali atachimangirira pa handulo ngati chokongoletsera, pamodzi ndi timagalasi ndi maluwa a pulasitiki. Sankadziwa n'komwe ntchito yake. Tinasinthana ndi belu langa lakale, iye n'kumaona ngati wandipusitsa.

Nditabwerera kuno n'kuimanga yonse, ndinaitulutsa m'mawa wina agogo anu ali kumjigo, kukaiyesa pa Msekese. Ndinafika m'munsi, ndinakankha giya, tcheni n'kukwera pa kawilo kakakulu. Pedulo inapepuka ngati wina akundikankha kumbuyo. Ndinadutsa mwala uja ndili pachishalo, ine wa mawondo olira awa, mpaka pamwamba. Zaka zonsezi ndinali ndisanakwerepo njingayi ili ndi magiya ake, chifukwa kunyada sikunkandilola. Tsiku limenelo m'pamene miyendo yanga inamva chimene ndinalanda mkazi wanga. Ndinatsika, ndinakhala m'mbali mwa njira, ndinalira ngati mwana. Sindichita nazo manyazi kukuuzani.

Ndinabwera nayo n'kuiimika pakhomo. Agogo anu anatula ndowa, anaiyang'ana nthawi yaitali. Ndinavula chipewa.

"ANambewe," ndinatero, "tsiku lija sindinkadziwa kukonza. Ndinadula chifukwa cha manyazi, komanso nsanje. Vuto linali waya chabe. Tereza anafa yekha chifukwa cha ine."

"Ndinkadziwa kuti simudziwa," anayankha. "Ndinakuonani m'maso tsiku lomwelo. Ndimayesa munena mawa lake."

Analowa m'nyumba ndi madzi awo. Njinga inakhala pakhonde sabata yathunthu osaigwira. Ine chakudya sichinkatsika. Ndinkati mwina ndachedwa kwambiri, mwina ndangotukula chilonda chimene chinali chitauma pamwamba.

Loweruka m'mawa ndinawaona atavala buluku la mayi anu m'kati mwa chitenje. Anandiuza kuti chishalo ndachikweza ngati cha ine, ndiwapatse sipanala. Ndinafuna kutsitsa ndine, anakana, anatsitsa okha. Kenako anati nditenge khasu ndimange pa njinga yanga yakuda. Anali atatumiza kale mawu kwa abale a Tereza, ine osadziwa, kupempha kuti tikalambule pamanda ake, paja pa manda a mpingo.

Poyamba anagwedezeka, anazungulira bwalo lino kawiri nkhuku zikuthawa. Koma titafika m'munsi mwa Msekese ndinaona chala chawo chikupita chokha pa giya, osayang'ana. Sindikunamizani kuti anakwera ngati kale. Anaima kawiri, phazi pansi, akupuma mwamphamvu. Ndinati ndiwagwirire kumbuyo, anandibweza ndi dzanja. Koma kukankha sanakankhe, anakafika pamwamba ali pachishalo.

Manda a Tereza tinachita kuwafunafuna m'udzu, mlongo wake wina wokalamba akutilozera. Agogo anu anagwada, anaika dzanja pa dothi, nati, "Tereza, ndine. Tsiku lija ndinachedwa, mnzanga." Kenako anadzuka, anatenga khasu n'kundipatsa ine. Ndinalambula ndekha manda onsewo, iwo ataima chapatali, ndipo sindinasiye ngakhale kaudzu kamodzi.

Pobwerera tinaima pamwamba pa mtunda kuti tipume. Agogo anu anawerama, ananyamula wilo lakumbuyo, anazunguza pedulo ndi dzanja n'kukankha giya. Tcheni inatsika kawilo kamodzikamodzi mpaka pansi, iwo akumvetsera mutu utapendekeka. Anaitsitsa n'kupukuta manja pa chitenje.

"Mwaikonza bwino, aSakala."

Ana inu, njinga ndakonza zambiri moyo wanga, za aphunzitsi, za abusa, za anthu ochokera kutsidya kwa malire, ndipo onsewo ankandiuza mawu omwewo ine n'kumangogwedeza mutu ngati mwini ntchito. Tsiku limenelo ndinasowa poyang'ana. Pamene ndinkati ndiyankhe, agogo anu anali atakwera kale, akutsetsereka kulowera kuno kumudzi, chitenje chikuuluka, ine n'kutsala pamwamba paja ndi khasu langa ndikuseka ndekha.